Mamendulo Osowa a Malemu Clarrie Pardoe

Wakuba amene analowa m'kalabu ya asilikali akale ku Coolabarra anali waulemu zedi. Sanathyole loko, sanaswe galasi, ndipo atatenga chimene ankafuna anatsekanso kabati bwinobwino n'kupukuta pamene panakhudza zala zake. Glenys Tarrant anagwira ntchito ya upolisi mpaka imvi mbuu, koma wakuba wokonza m'nyumba pochoka anali asanakumanepo naye.

"Ndayamba kuimbira iwe chifukwa katunduyo ndi wako," anatero Raelene, woyang'anira bala ya pakalabupo, mnzake wa Glenys kuyambira kusukulu. "Komanso wapolisi wathu uja wapita kukakusa ng'ombe zatseka msewu waukulu. Usandiyang'ane choncho iwe, sindinabe ndine."

"Ndanena kanthu ine?"

"Maso akowo anena kale."

M'kabatimo munali zinthu za malemu bambo ake a Glenys, a Clarrie Pardoe, amene pa nkhondo yachiwiri ankayendetsa ndege zotera pamadzi kuchokera ku Cairns kupita kuzilumba zakumpoto. Glenys anazibwereketsa kuti anthu azione, poti mawa lake linali tsiku la Anzac, lokumbukira asilikali. Wotchi yawo, imene aliyense ankadziwa kuti ndi yodula, inali pomwepo. Chisoti chachikopa chinalipo. Chithunzi chachikulu chowaonetsa akuguba pamsewu wa m'tauni chinalipo. Amene anasowa ndi mamendulo anayi olumikizidwa pa kachitsulo kamodzi. Pamalo pake panagonekedwa kanthambi ka rozimere, kamene anthu amabaya pamalaya tsiku la Anzac.

Glenys anawerama n'kununkhiza galasi. Linkanunkha viniga.

Chipumireni pantchito, Glenys anapeza chochita chimene chinamukoma kuposa dimba, kuposa ngakhale zidzukulu, koma zimenezo sakanazinena pagulu. Ankafufuza za nkhondo ya bambo ake. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde ndi tiyi, mphaka pamiyendo, akuwerenga nyuzipepala zakale pakompyuta, ndipo mtima unkakhala m'malo. Bambowo ali moyo ankati ukawafunsa za nkhondo, yankho linali lakuti "Kunali konyowa," kenako n'kupita kukathirira matimati. Ndiye mwana wawo ankatolera yekha pang'onopang'ono, mosangalala.

Koma sabata yathayo chisangalalo chinalowa mchenga. Mayi wina wa ku ofesi yoona za mamendulo anamuuza pafoni, mwaulemu wake, kuti boma silinatumizepo mendulo ngakhale imodzi kwa munthu wotchedwa Clarence Pardoe, dzina lonse la a Clarrie, ndipo mapepala ena a mbiri yawo atenga miyezi kuti apezeke. Glenys sanauze munthu. Chaka ndi chaka iye ankaguba atavala mamendulo amenewo kumanja, monga amachitira ana a asilikali, poti kumanzere, pamtima, amavala mwini wake amene anamenya nkhondoyo. Ndipo Coolabarra ndi tauni yokhululukira zambiri, kuledzera, chigololo, kutentha nzimbe za mnzako, koma munthu wodzitcha msilikali ali wabodza samukhululukira, ngakhale ali m'manda. Glenys ankaopa, ndipo ankadziwa kuti akuopa.

"Makiyi a kabatiyi ali ndi ndani?" anafunsa.

"Ine ndi a Merv. Inanso imapachikidwa kukhitchini, kuseri kwa chitini cha ufa, koma imeneyo palibe akuidziwa kupatula tauni yonse."

"Dzulo unatseka nthawi yanji?"

"Nditathamangitsa achidakwa omaliza aja. Kabati sindinayiyang'ane, ndisaname. Ine masana onse ndinali m'chipinda chozizira kutsitsa mowa wa mawa, funsa woyendetsa lole, anandiona mpaka anandifunsira. Ndamukana, ali ndi mano atatu."

"Kukhitchini kunali ndani?"

"Azimayi a mabisiketi, ngati chaka chilichonse. Koma iwe, ukufuna kumanga agogo a anthu? Pita kwa a Merv. Dzulo masana anatsegula kabatiyi, ndinawaona ndikudutsa ndi mabotolo. Ndipo nkhope yawo sinandisangalatse."

"Nkhope ya a Merv inasangalatsapo ndani?"

"Ayi iwe, dzulo inali yoposa."

* * *

A Merv Hollis, mlembi wa kalabu, anamenya nkhondo ya ku Vietnam ndipo ankayendabe ngati wina akuwawerengera mapazi. Ndi amene ankanunkhiza asilikali abodza m'chigawo chonsecho, ndipo ankanyadira ntchitoyo. Glenys anawapeza pa chipilala cha chikumbutso pakati pa tauni, akundandalika mipando ya mawa ndi chingwe kuti mzere uwongoke.

"Ndamva," anatero asanapatsidwe n'komwe moni. "Zamanyazi. Sindinatenge ndine. Ndinachoka pakalabu dzuwa likadalipo, ndinapita kwa mwana wanga kukadya nsomba, ndagona komweko. Muimbire."

"Ndimuimbira. Tandionetsani manja anu, a Merv."

"Manja anga alakwanji?"

Koma anawatambasula. Munthu amene nsapato zake unkadziyang'anirapo nkhope anali ndi zikhadabo zakuda bii, ndipo zala zinkanunkha mankhwala opukutira zitsulo.

"Ndinakuuzani kuti mamendulo aja asapukutidwe," anatero Glenys. "Bambo ankakana. Ine chibadwire sindinawakhudzepo ndi nsanza."

"Anali akuda ngati kunsi kwa poto! Alendo abwera mawa, aziti kalabu ino ilibe anthu? Ndinangotenga mswachi wakale n'kuwatsuka pang'ono. Ndinawabwezera m'kabati, ndinakhoma ndekha. Basi."

"Basi? Nanga n'chifukwa chiyani simukundiyang'ana?"

A Merv anakhala pampando umodzi, n'kusokoneza mzere wawo womwe. Anavula chipewa, anachiyang'ana m'kati, anachivalanso.

"Glenys, iwe ndimakulemekeza. Ndimati ndidikire mwambo udutse kaye ndiye ndikuuze patokha. Mendulo za nkhondo imeneyo amazidinda dzina la mwini wake m'mphepete, timalemba ting'onoting'ono. Litsiro litachoka, dzina linatuluka. Maso angawa ndi otha, ndiye ndinaliwerenga mokweza, lemba limodzilimodzi, kuti ndisalakwitse."

"Munali nokha?"

"Ndekha. Kupatula phokoso la azimayi aja pa kawindo ka kukhitchini."

"Kanali kotsegula?"

"Kamatsekedwa liti?"

Glenys anawasendera pafupi. "Dzinalo ndi lakuti chiyani?"

A Merv anaimirira, anapita pa chipilala, n'kuika chala chawo chakudacho pa dzina lina pakati pa maina a anyamata amene sanabwerere. S. FAZIO.

"Ndimaliwerenga chaka chilichonse pamwambo," anatero motsitsa mawu. "Bambo ako ankaguba atavala mamendulo a munthu wakufa."

* * *

Glenys sanapite kunyumba. Anabwerera ku kalabu, anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana ndi kabati ija. Raelene anamuikira kapu ya tiyi ndi bisiketi ziwiri osafunsa kanthu, zimene kwa Raelene zinali zodabwitsa.

M'chithunzimo a Clarrie ankaguba ali ndi suti yakuda, chibwano m'mwamba, mamendulo ali kumanzere. Anasiya kuguba Glenys ali wamng'ono, moti mwana wawoyo ankawakumbukira paperete kudzera m'chithunzi chimenechi basi. Anawayang'ana nthawi yaitali, mkwiyo ndi chisoni zikusinthana. Awa ndi bambo amene anamukwapula chifukwa chothyola lalanje la eni. Angabe mamendulo a mnzawo wakufa?

Kenako maso ake anachoka pa bambowo n'kupita kumbuyo kwawo, pa hotela yakale ija imene inapsa. Chikwangwani cha hotelayo chinali chowerengeka chakumbuyo, ngati pagalasi loyang'anira nkhope.

"Mayo ine," anatero Glenys. "Raelene, tabwera udzaone chitsiru."

"Chili kuti?"

"Chakhala pampando pano. Chithunzi ichi ndinachitembenuza ndine. Nditachipeza m'bokosi la amayi, mamendulo anali kumanja. Ndinati wotsuka zithunzi kalelo analakwitsa, msilikali weniweni angavale kumanja? Ndinachitembenuza pakompyuta ndisanakachikulitse, ndipo ndinadzitama kuti ndakonza."

Anatulutsa foni, anapeza chithunzi choyambirira chija. Pamenepo chikwangwani chinkawerengeka bwinobwino, ndipo mamendulo anali kumanja.

"Ndiye kuti chiyani?" anafunsa Raelene.

"Ndiye kuti sananamize munthu. Ankavala ngati mmene ndimavalira ine, kuvalira wina. Tauni yonse inkaona, ndipo akale aja ankadziwa tanthauzo lake, kungoti onse anatha." Glenys anapumira m'mwamba, analuma bisiketi, ndipo inakoma. Koma funso lalikulu linali likadalipo. Kuvalira mnzako sikukusandutsa woyendetsa ndege. Ndipo mamendulo a mwana wa eni anafika bwanji m'manja mwa bambo ake?

"Iwe umadziwa aliyense mpaka agalu awo," anatero. "Fazio ndi ndani?"

"Fazio, Fazio... Amenewo ndi Ataliyana aja anali ndi munda wa nzimbe kutsidya kwa mtsinje. Anagulitsa kalekale, ife tisanabadwe. Amayi ankati panatsala mwana mmodzi wamkazi, anakwatiwa kutali, ku Ingham, kwa a Moretti, ndiye amuna ake atamwalira anabwer..."

Raelene anatseka pakamwa ndi dzanja. Onse awiri anatembenukira ku kawindo ka kukhitchini.

"Mayi Concetta Moretti, mmodzi wa azimayi a mabisiketi aja," anatero Glenys. "Ndani wina amapukuta magalasi ndi viniga m'tauni muno?"

"Glenys, ndakupempha, usapiteko ndi nkhope yaupolisiyo. Mayi aja ndi okalamba, adutsa zaka makumi asanu ndi atatu."

"Okalamba? Ine ndikuopa kuti andimenya."

* * *

Mayi Concetta Moretti ankakhala m'kanyumba kamatabwa kumapeto kwa tauni, kumene nzimbe zimayambira. Anali pakhonde, wamfupi, wovala zakuda, ndodo ili pambali. M'mphepete mwa masitepe munali chitsamba cha rozimere, ndipo nthambi ina inali yothyoledwa kumene.

"Wachedwa," anatero. "Ndakudikira chiyambire m'mawa. Unali wapolisi wanji iwe? Lowa, khofi akuzizira."

Mamendulo anali pa tebulo la pabalaza, osabisidwa n'komwe, akunyezimira. Anatsamira chithunzi cha mnyamata wa tsitsi lopotana, wovala yunifolomu ya asilikali a ndege. Pambali pake kandulo inkayaka.

"Ndatenga ndine," anatero mayiwo akukhala. "Kiyi ndinatenga kuseri kwa chitini anzanga atapita. Ukafuna kundimanga manga, koma ndende yake ikhale yopanda masitepe, mawondowa anakana kale. Amenewa ndi achimwene anga, Salvatore. Ndikukanda ufa dzulo, ndimve chidempete chija Merv chikufuula dzina lathu lemba limodzilimodzi, ngati mwana wa sukulu. Tsopano undiuze iwe. Mamendulo amenewa amayi anga anawataya mumtsinje. Bambo akowo anali msodzi?"

"Sindikudziwa, mayi. Ndabwera kuti mundiuze inu. Anawatayiranji?"

Mayi Concetta anamuthirira khofi wakuda m'kakapu, anakankhira mbale ya makeke patsogolo pake, n'kudikira mpaka Glenys atatenga imodzi. Kwawoko nkhani sinkayamba mlendo asanatafune.

"Nkhondo itayamba, boma linabwera kudzatenga amuna a Chitaliyana m'minda muno, ati ndi adani. Abambo anga anawatengera kukampu kummwera, munthu amene anagwetsa nkhalango ndi manja ake kuti dziko lino lidye shuga. Tsono Salvatore, mwana wobadwira kuno, anali atalowa kale usilikali wa boma lomwelo, wa wailesi m'ndege. Bambo m'waya, mwana m'mwamba. Uthenga wa imfa yake unawapeza ali m'wayamo. Patapita zaka, mamendulo anabwera pa positi m'kabokosi. Abambo anati zitsulo zimenezi zisagone m'nyumba mwanga. Lamulungu amayi anaziika m'chikwama popita kutchalitchi, pobwera chikwama chinali chopepuka. Anati aponya pa mlatho. Ine ndinalira, poti ndinkafuna kuziona."

Glenys anatulutsa foni, anakulitsa chithunzi chija n'kuwapatsa. "Awa ndi bambo anga. Taonani mbali imene anavala."

Mayiwo anavala magalasi. "Kumanja," anatero pang'onopang'ono. Anapitiriza kuyang'ana, kenako anabweretsa foniyo pafupi ndi mphuno. "Dzanja ili latani?"

"Linalibe zala ziwiri. Ankati makina a ku fakitale ya shuga."

"Anakunamiza."

"Mayi?"

"Ndati anakunamiza. Munthu ameneyu anabwera kwathu nkhondo itangotha, asanaponde fakitale iliyonse, ndipo zalazo kunalibe kale. Dzanjalo linali lofiira, lopsa. Ine ndinali kamwana, ndinabisala kuseri kwa thanki ya madzi, koma dzanja limenelo ndalilota moyo wanga wonse. Dzina lake sindinalimve, ndipo nditakwatiwa ndinachoka. Pobwerera kuno, bambo akowo anali atagona kale."

Glenys anaika kapu pansi. "Anadzatani?"

"Anabwera wapansi kuchokera ku siteshoni, mu yunifolomu, chipewa m'manja. Abambo anali atangotuluka kukampu, owonda, akunola chikwanje cha nzimbe pabwalo. Munthuyo anaima patsogolo pawo n'kunena kuti, 'Bambo Fazio, ndine amene ndinkayendetsa ndege ija. Anatiombera, tinagwera m'nyanja ikuyaka. Ena onse ndinabwera nawo, koma mwana wanu ndinalephera kumutulutsa. Ndabwera kuti mundione.' Abambo anadzuka, anakweza chikwanje. Amayi anakuwa. Munthu uja sanasunthe, sanatseke ndi maso omwe. Chikwanje chinakhala m'mwamba mpaka mkono unatopa, abambo anachiponya pansi n'kulowa m'nyumba. Amayi anamupatsa madzi akumwa."

"Anati chiyani? Chonde mayi, bwerezaninso poyamba paja."

Mayi Concetta anamuyang'ana pamwamba pa magalasi, ndipo ukali uja unasungunuka.

"Anati, 'Ndine amene ndinkayendetsa ndege ija.' Bwanji, panali wokayika?"

"Ine," anatero Glenys, misozi ikutsika iye akuseka. "Sabata yonseyi. Aboma akuti sanawatumizirepo mendulo."

"Nanga akanatumiza bwanji munthu wamoyo asanapemphe? Munthu woima pansi pa chikwanje chonchija angakapemphe mphoto?" Mayiwo anagwira mamendulo aja ndi nsonga za zala. "Ndiye amayi anga ananama kutchalitchi komwe. Anakamupatsa iyeyu kuti mwana wawo azigubako. Ha, amayi inu! Zaka zonsezi ine ndimatukwana mtsinje wosalakwa."

Kunja sitima ya nzimbe inkadutsa yopanda katundu, ikugwedeza mawindo. Glenys anamva mtima wake ukukhazikika, ndipo anatenga keke yachiwiri osapatsidwa.

"Pali china," anatero Mayi Concetta. "Munthu uja akuchoka, ine ndinatola bango laliwisi pansi pa mtengo wa mango n'kumugenda. Linamupeza pamsana, phi! Ndinati lero ndafa. Iye anatembenuka, analitola, anabwera kuseri kwa thanki kuja n'kugwada. Anandibwezera bangolo m'manja, n'kunena kuti, 'Ukugenda ngati Sal.' Achimwene anachoka ndili wa kumsana, nkhope yawo ndimaidziwira pa chithunzi. Palibe wina anandiuzapo kuti ndimafanana nawo pa chilichonse. Ndi bambo ako okha."

Glenys anayang'ana mamendulo aja. Anawavala zaka zambiri, ankadziwa kulemera kwake pamalaya, ndipo anadziwa kuti sadzawavalanso. Zinamupweteka, koma osati kwambiri.

"Ndi anu, mayi. Ndikauza a Merv kuti palibe mlandu."

"Merv ndikamuuza ndekha, ndili naye mawu pa nkhani ya mswachi. Iwe m'mawa udzanditenge pa galimoto. Sindinagubepo chibadwire, abambo anatiletsa, ndipo ine ndinamvera mpaka ukalamba. Mawa ndivala ine."

"Ndi mawondo amenewo mukafika?"

"Ndikafika, poti iwe uyenda pambali panga utandigwira mkono. Ndipo wina akangofunsa kuti bwanji mwana wa Clarrie Pardoe pachifuwa pake palibe kanthu, usayankhe iwe. Ndimuyankha ndine."